KUŴETA MBIRA M'TAUNI: KHOLA LIYAMBE, CHIŴETO CHIBWERE PAMBUYO

Nkhani ya lero ikupita kwa omvera onse amene angoyamba kumene kuŵeta mbira, ndiponso kwa makolo amene mwana wawo wafika pakhomo atanyamula katoni yoboolaboola, m'kati mwake muli tinyama tiŵiri tikulira. Chitsanzo chake chatengedwa ku Ndirande, mumzinda wa Blantyre, koma malangizo ake ngothandiza ngakhale kwa womvera wa ku Karonga, ku Mchinji kapena ku Nsanje.

Pa kalembera wa chaka cha 2018 mzinda wa Blantyre udapezeka ndi anthu oposa 800,000, ndipo ambiri mwa anthuŵa amakhala m'madera othithikana monga Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa. Munthu woyenda ku Goliyo, ku Makata, kwa Chinseu kapena ku Malabada amadzionera yekha kuti nyumba zidagundana, kotero kuti bwalo la pakhomo nthaŵi zina limachepa ngakhale poyanika zovala. Pamalo otere mbuzi ilibe podyera, nkhumba imadanitsa munthu ndi anansi ake, ndipo nkhuku imangokhalira kuloŵa m'nyumba za eni. Mbira ndiyo imakwana bwino. Siifuna malo aakulu, siuluka, sikumba pansi, ndipo siluma wamba. Ena amaiŵeta kuti ana azisangalala nayo ndi kuphunzira kusamala chamoyo, ena amafuna manyowa, pamene ena amaiŵetera ndiwo kapena malonda.

Komatu kuchepa kwakeko kumanyenga anthu. Ambiri amayesa kuti kanyama kotere kangagone paliponse ndi kudya chilichonse, ndipo mwezi usanathe katoni ija imatsala yopanda kanthu, ndalama zatayika, mwana ali misozi chuchuchu. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Wofuna mbira ayambe wakonza pogona pake ndi kudziŵa kumene kudzachokere chakudya chake cha tsiku ndi tsiku, ndipo akatero ndiye akagule chiŵetocho.

DZINA LIMODZI, NYAMA ZIŴIRI

M'Chicheŵa dzina lakuti mbira limatchula nyama ziŵiri zosiyana. Yoyamba ndi ija ya m'mapanga ndi m'matanthwe, yopezeka m'mapiri monga Mulanje, imene nthano imati idasoŵa mchira chifukwa chotuma anzake kukaitengera. Imeneyo ndi nyama ya kutchire, ndipo akatswiri a zamoyo adapeza kuti, ngakhale ili yaing'ono, chibale chake chili kwa njovu. Yachiŵiri ndi ya pakhomo, ya maŵanga oyera, akuda ndi ofiirira, imene Azungu amaitcha guinea pig, ngakhale kuti si nkhumba ndipo sidachokere ku Guinea.

Kwawo kwa mbira ya pakhomo ndi ku mapiri a Andes, ku South America, m'maiko a Peru, Bolivia ndi Ecuador, kumene anthu adayamba kuiŵeta zaka zikwi zingapo zapitazo. Kumeneko amaitcha cuy, ndipo ku Peru ili ndi tsiku lake la chikondwerero, Lachisanu lachiŵiri la mwezi wa Okutobala. Amalonda a pa nyanja adafika nayo ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, ndipo lero imaŵetedwa m'maiko ambiri a mu Afirika, monga Cameroon, Congo, Tanzania ndi Malaŵi.

Mbiri imeneyi ili ndi phunziro kwa woŵeta. Thupi la mbira lidazoloŵera dziko la mapiri, la mpweya wozizirira. Imakhala bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 18 ndi 24, koma kukayandikira madigiri 30 moyo wake umakhala pangozi, pakuti mbira sichita thukuta monga munthu. Chinyezi ndi mphepo yoomba molunjika nazonso zimaidwalitsa. Mzinda wa Blantyre, umene uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yaikulu, ngoyenera mbira miyezi yambiri, kupatula nyengo zitatu: kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, mvula ya dzinja, ndi chiperoni cha Juni ndi Julayi. Khola labwino ndi limene lamangidwa moganizira nyengo zitatuzi.

KAMANGIDWE KA KHOLA

Mbira ziŵiri zimafuna khola losachepera masentimita 120 m'litali ndi 60 m'lifupi, kapena kuti mafiti 4 ndi mafiti 2 m'kaŵerengedwe ka akalipentala. Likakula kuposa apo ndiye bwino koposa, chifukwa nyamayi imakonda kuthamangathamanga. Msinkhu wa masentimita 40 ngokwanira. Matabwa otsala kwa kalipentala, nsungwi kapena njerwa, zonsezi zimamanga khola labwino. Katoni ndi yonyamulira chabe: imanyoŵa ndi mkodzo, ndipo mbira imaitafuna usiku umodzi.

Pansi pa khola pakhale pa matabwa kapena posalala bwino, osati pa waya. Mapazi a mbira ngofeŵa, alibe ubweya kunsi kwake, ndipo waya amaŵatema mpaka kuchita zilonda zovuta kupola. Timiyendo ta ana timakodwanso m'maenje a wayayo ndi kuthyoka. Pamatabwapo ayalepo udzu wouma bwino kapena zopala za matabwa. Utuchi wosalala ngati ufa si wabwino, pakuti umaloŵa m'mphuno ndi m'maso.

Chinthu chimene chimatha mbira zambiri m'tauni ndi adani a usiku. Makoswe amadya ana ongobadwa kumene, amphaka ndi agalu amagwira zazikulu, ndipo linthumbu limatha khola lonse kusanache. Kaamba ka ichi khola la panja liikidwe pa miyendo yotalika pafupifupi masentimita 60, likhale ndi chitseko chotsekeka ndi loko kapena chokoŵera cholimba, ndipo mazenera ake atchingidwe ndi waya wa timaenje tosaposa sentimita imodzi. Waya wa nkhuku wa maenje aakulu satchinga khoswe. Miyendo ya khola ikakutidwa ndi lata losalala khoswe amalephera kukwera, ndipo ikaimikidwa m'zitini za madzi nyerere sizidutsa.

Denga likhale losadontha, ndipo lituluke pang'ono m'mbali kuti mvula ya mphepo isaloŵe. Lata lokha limasandutsa khola kukhala ng'anjo m'mwezi wa Okutobala. Choncho pamwamba pake payalidwe udzu kapena masaka, ndipo kholalo liime pamthunzi, makamaka kuyambira masana. Mbira imene yagona chotambalala, ikupuma mofulumira ndi kutuluka dovu, yapsa ndi kutentha: ichotsedwe msanga, iikidwe pamalo ozizira, ndi kuipukuta ndi kansalu konyoŵa. Omvera a ku Chikwawa, ku Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja asamale kwambiri mfundo imeneyi. M'nyengo ya chiperoni, mbali yochokera mphepo itchingidwe ndi saka usiku, koma mpata wa mpweya utsale.

Ku Ndirande kulinso nkhani ya madzi. Nyumba zambiri zili pamtsetse wa phiri, ndipo mvula ikagwa madzi amatsika mwamphamvu kulunjika ku mtsinje wa Nasolo. Anthu a m'derali sadaiŵale zimene namondwe wa Freddy adachita m'mwezi wa Malichi 2023. Khola lisamangidwe m'njira ya madzi, m'mphepete mwa ngalande, kapena kutsamira mpanda wa njerwa zosaotcha umene ungagwe ukanyoŵa.

Ena amasunga mbira m'khitchini, monga achitira anthu a ku Andes. Ubwino wake ngwakuti mumafunda ndipo akuba safikamo, koma utsi wa nkhuni ndi mpweya wa mbaula ya makala m'chipinda chotseka zimaononga mapapo a kanyamaka, ndipo ndowe siziyenera kuyandikana ndi chakudya cha anthu. Khonde lotchingidwa bwino kapena kachipinda kosungiramo katundu kokhala ndi zenera nkoyenera koposa. Amene ali m'nyumba ya lendi ayambe wapempha kwa eni nyumba asanakhome msomali ndi umodzi womwe.

M'kati mwa khola mukhale pobisala. Mbira ndi nyama yamantha, yozoloŵera kusakidwa, ndipo ikasoŵa pothaŵira imakhala ndi nkhaŵa mpaka kuleka kudya. Kabokosi kovundikira koboola khomo, kapena mphika wosweka mbali imodzi, nkokwanira; mbira iliyonse ikhale ndi pake. Udzu wonyoŵa ndi ndowe zichotsedwe tsiku lililonse, ndipo kamodzi pa mlungu zoyala zonse zisinthidwe, khola litsukidwe ndi kuumitsidwa. Khola likamanunkha mkodzo wolasa m'mphuno, ndiye kuti chibayo chili pafupi. Zinyalala zotuluka m'kholamo ndi manyowa abwino a ndiwo zamasamba.

KUSANKHA NDI MASIKU OYAMBA

Mbira ndi nyama ya pagulu, ndipo ikakhala yokha imafooka. Dziko la Switzerland lidafika pokhazikitsa lamulo m'chaka cha 2008 loletsa kusunga mbira imodzi yokha. Woyamba kumene amachita bwino kutenga zazikazi ziŵiri, kapena zazimuna ziŵiri zokulira pamodzi, kufikira ataidziŵa ntchitoyi. Kuzindikira yaimuna ndi yaikazi nkosavuta: akaigwira chagada mofatsa ndi kusindikiza pang'ono pamwamba pa maliseche, chiwalo cha yaimuna chimatulukira, pamene pa yaikazi pamaoneka mzere wonga mphanda. Wogula adzionere yekha, pakuti ambiri adauzidwa kuti agula zazikazi zokhazokha, nadzapeza ana m'khola patapita miyezi iŵiri.

Mbira yathanzi imakhala ndi maso oŵala, mphuno youma, ubweya wosalala wopanda zipsera, ndi kumbuyo koyera. Ndipo munthu akaiyandikira imathaŵa mwachangu. Yofatsitsa, yokhala pakona ubweya uli nyankhalala, isagulidwe ngakhale mtengo utatsika. Zatsopano zikafika pakhomo pamene pali zina kale, zikhale pazokha milungu iŵiri.

Masiku atatu oyamba zisiyidwe zizoloŵere malo. Pozinyamula, dzanja limodzi ligwire kunsi kwa chifuŵa, linalo lichirikize kumbuyo. Mwana wamng'ono azigwira mbira atakhala pansi, chifukwa ikagwa kuchokera m'manja mwa munthu woimirira imathyoka msana kapena mano. Pakapita milungu ingapo imazoloŵera mawu ndi mapazi a mwini wake, ndipo imamlandira ndi kulira kwa likhweru. Yaing'ono ikamadumphadumpha m'mwamba mwadzidzidzi sikuti yadwala ai, koma yakondwa.

CHAKUDYA

Chakudya chenicheni cha mbira ndi udzu, ndipo usasoŵe m'khola usana ndi usiku. Mano ake onse 20 amakula moyo wake wonse, ndipo chimene chimaŵaperesa ndi kutafuna udzu. Ikamadya zofeŵa zokhazokha mano amatalika mpaka kuilepheretsa kudya. Nsenjere zanthete, kapinga, masamba a chimanga ndi makoko ake, zonsezi nzabwino. Pamwamba pa udzu ipatsidwe masamba aaŵisi, monga chisoso, mwamunaaligone, kholoŵa, nkhwani, mpiru ndi repu. Kabichi akhale wochepa, pakuti amatupitsa mimba. Madeya ngothandiza yaikazi ya bere ndi yoyamwitsa, koma sipuni imodzi kapena ziŵiri pa tsiku nzokwanira, ndipo akhale opanda chuku.

Chifukwa chimene masamba aaŵisi ali ofunika chotere chidadziŵika m'chaka cha 1907. Madokotala aŵiri a ku Norway, Axel Holst ndi Theodor Frølich, adadyetsa mbira chakudya cha mbewu zouma chokhachokha, ndipo zidadwala nthenda yotupa nkhama ndi mfundo, yomwe ija inkapha amalinyero a pa nyanja. Atazipatsa masamba ndi zipatso zidapeŵa nthendayo. Pambuyo pake kudadziŵika kuti mbira, monga munthu, siitha kudzipangira vitamini C m'thupi mwake, pamene mbuzi, galu ndi kalulu zimatha. Imafuna mamiligalamu 10 mpaka 30 pa tsiku, ndipo ya bere imafuna ochulukirapo. Ikakhala milungu iŵiri kapena itatu pa madeya ndi udzu wouma wokha, imayamba kutsimphina, kulira ikagwidwa ndi kutuluka magazi m'nkhama. Kachidutswa ka gwafa, ka papaya, kapena ka tsabola wobiriŵira wosaŵaŵa, pamodzi ndi masamba a tsiku ndi tsiku, kamatseka khomo la nthenda imeneyi.

Woŵeta wa m'tauni alibe dambo, choncho ayenera kusamala kumene akumweta. Udzu wa m'ngalande ndi wa m'mphepete mwa Nasolo, mmene mumayenda madzi oipa, wa pambali pa zimbudzi, ndi wa pamalo opoperedwa mankhwala, usaloŵe m'khola. Masamba otsala kwa ogulitsa ndiwo mumsika wa Ndirande ngothandiza kwambiri, malinga asankhidwe, oola atayidwe, ndipo abwinowo atsukidwe ndi kuyanikidwa kuti madzi adonthe. Udzu wauŵisi wounjikidwa m'thumba la pulasitiki umatentha ndi kusasa, ndipo umapha mbira ndi kutupa kwa mimba. Chakudya chachilendo chiyambidwe pang'onopang'ono.

Nyengo yovuta ndi ya Ogasiti mpaka Novembala, pamene udzu wauma ndipo wina wapsa ndi moto. Wanzeru amamweta udzu wambiri m'Malichi ndi Epulo, nauumitsa pamthunzi, nausunga m'masaka pamalo ouma. Mbatata yobzalidwa m'thumba la dothi pakhonde, yothiriridwa ndi madzi otsukira mpunga kapena ndiwo, imapereka kholoŵa chilimwe chonse.

Pali zina zosayenera kuperekedwa konse: masamba a mbatata ya kachewere ndi makoko ake obiriŵira, masamba a tomato, anyezi, mapeyala, chigwada chachiŵisi, nsatsi, fodya, ndi maluŵa a m'mipanda amene mwini saŵadziŵa bwino. Nsima ya dzulo, ndiwo za mchere ndi mafuta, nyama, mkaka ndi maswiti si zakudya za mbira. Nyamayi siitha kusanza, motero choipa chikaloŵa chaloŵeratu.

Kuli mawu ofala akuti mbira siimwa madzi. Zimenezo si zoona. Yaikulu imafuna madzi okwana pafupifupi theka la kapu ya tiyi pa tsiku, makamaka m'nyengo yotentha ndi poyamwitsa. Aikidwe m'kambale kolemera kosagubuduzika, ndipo asinthidwe m'maŵa uliwonse. Mwini akaona mbira ikudya ndowe zake zofeŵa asadabwe. Ndi chibadwa chake, ndipo imapezamo zofunika m'thupi.

KUSWANA

Mbira imatenga bere masiku 59 mpaka 72, ndipo kaŵirikaŵiri imaswa ana aŵiri, atatu kapena anayi. Anawo amabadwa ali ndi ubweya, maso ali otsekuka, mano ali kale, ndipo tsiku lomwelo amayenda. Make ali ndi maŵere aŵiri okha, koma anawo amayamwa mosinthana ndi kuyamba kudya udzu m'masiku oŵerengeka.

Apa pali zinthu zinayi zoyenera kuzisunga. Choyamba, tiana tatimuna tichotsedwe kwa make ndi kwa alongo ake tikakwana milungu itatu, chifukwa timakhwima msanga, ndipo kakakazi kangatenge bere kali ndi mwezi umodzi wokha, thupi lisanalimbe. Chachiŵiri, yaikazi yofuna kuswetsa ikumane ndi yaimuna ili ndi miyezi inayi kapena isanu. Ikapitirira miyezi isanu ndi iŵiri isanaswepo, mafupa a m'chiuno amalimba ndipo kaŵirikaŵiri imavutika kapena kufa poswa. Chachitatu, yaimuna ichotsedwe bere likakula, pakuti yaikazi imatha kutenga bere lina patangopita maola ochepa itaswa, ndipo kuswa kosapumira kumaifooketsa. Chachinayi, zapachibale zisamaswane. Ana ake amabadwa ang'onoang'ono ndi ofooka. Woŵeta wa ku Ndirande angasinthane yaimuna ndi mnzake wa ku Chilomoni kapena ku Machinjiri chaka ndi chaka.

Yaikazi imodzi ingaswe kanayi kapena kasanu pa chaka. Munthu asanaike yaimuna ndi yaikazi pamodzi, ayambe wadziŵa kumene adzasunge kapena kugulitsa anawo. Zazimuna ziŵiri m'khola limodzi ndi zazikazi zimalumana mpaka kuvulazana.

MATENDA

Mbira imabisa matenda, ndipo ikafika poonekera kuti yadwala imakhala itafooka kale. Imene yakana chakudya tsiku lathunthu ili pangozi yaikulu. Zizindikiro zina ndi mamina, kupuma movutika, kutsekula m'mimba, kuonda, dovu pachibwano, ndi kudzikanda kosalekeza kumene kumasonyeza mphere kapena nsabwe. Yodwala ipatulidwe, ifunditsidwe, ndipo mwini afunse mlangizi wa ziŵeto wa m'dera lake kapena dokotala wa ziŵeto.

Safunsa adadya phula. Chizoloŵezi chotsekula kapisozi wa anthu ndi kuthira m'madzi a chiŵeto chapha mbira zambiri. Mankhwala a mtundu wa penicillin, monga amoxicillin ndi ampicillin, amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo a mbira, ndipo nyamayo imafa ndi kutsekula m'mimba m'masiku ochepa. Mankhwala opopera mbewu kapena ophera nsikidzi asathiridwe pathupi pake. Akalulu akhale ndi khola lawolawo, chifukwa amanyamula tizilombo ta chifuŵa timene kwa mbira ndi imfa, ndiponso amaimenya ndi miyendo yakumbuyo.

Matenda ena, monga chipere ndi kutsekula m'mimba, amatha kuchoka kwa mbira kupita kwa munthu. Aliyense wogwira chiŵetochi kapena wosesa m'khola asambe m'manja ndi sopo, ndipo ana asamazipsompsone. Yofa yokha isadyedwe; ikwiriridwe m'dzenje lakuya.

UDINDO WA PAKHOMO

Mbira yosamalidwa bwino imakhala zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziŵiri, ndipo yaikulu imalemera magalamu 700 mpaka 1,200. Mwana amene waitenga ali mu Sitandade 3 angathe kufika nayo pa mayeso a Sitandade 8. Ntchito yake siiposa mphindi 20 m'maŵa ndi zina zotero madzulo, koma ilibe tchuthi, ilibe Loŵeruka kapena Lamulungu. Mwana angathe kumweta udzu, kusintha madzi ndi kusesa, ndipo potero amaphunzira kuti chamoyo chimadalira dzanja lake. Koma kholo ndilo liyenera kuyang'ana m'kholamo tsiku lililonse, kuona ngati chitseko chatsekedwa usiku, ndi kukonza wodzazidyetsa banja likapita kumudzi.

M'mera mpoyamba. Khola louma, lamthunzi ndi lotchinga makoswe, udzu wosatha, masamba aaŵisi ndi madzi oyera tsiku ndi tsiku, ndiponso kupatula zazimuna nthaŵi yake isanapite: banja limene lakonzeka kuchita zimenezi lingathe kukagula mbira zake maŵa lomwe. Limene silinakonzeke lidikire kaye, limange khola, ndipo mbirazo lidzazipeza.